Mainchesi Khumi ndi Theka

Bambo anga, Orval Tveit a ku Wibaux,
sakhulupirira diso pa nkhani ya muyezo.
Alowetsa kandodo mu mpope wa mfuti
pang'onopang'ono, mpaka kagunde kumapeto,
natsina ndi chikhadabo pomwe chitsulo chathera.
"Werenga ndiwe, Marlys. Angawa ali ndi nkhungu."

Mugalaja mukuzizira mpaka mano kuwawa.
Kunja chipale chakwirira khola lopanda ng'ombe.
Ndiika tepi pa kandodo.
"Sikisitini, ndi kachidutswa pamwamba."
"Kachidutswa kangati?"
"Kotala."
"Ndiye nena kotala. Boma silidziwa kachidutswa."

Mpope wakale wagona pa nyuzipepala,
wamafuta, waufupi ngati mkono wa mwana:
mainchesi khumi ndi theka.
Chifukwa cha kufupika kumeneko
anadinda zala khumi zonse pa khadi,
anajambulitsa nkhope atavula chipewa,
analipira madola mazana awiri,
nadikira miyezi isanu ndi inayi
akusuzumira m'bokosi la makalata m'mbali mwa msewu
ngati mnyamata wofunsira.

Inkakwana bwino kuseri kwa mpando wa lole
usiku wa Malichi, ng'ombe zikubereka,
nkhandwe zikulira kutsidya kwa waya.
Amayi ankaunikira tochi, akutukwana mphepo.

Tsopano ng'ombe zinapita pa okushoni.
Amayi anapita poyamba.
Loweruka tikusamukira kwathu ku Bismarck,
ndipo pakati pathu pali malire a Montana ndi Dakota,
mzere woti ngakhale mpheta siuona,
koma mfuti yaifupi siuwoloka
popanda chilolezo cholembedwa.
"Ndakalamba," akutero, "sindingamapemphe njira.
Ndiitalikitsa. Ikhale mfuti wamba."

Gaylen wa pafamu yoyandikana wabwera ndi khofi m'fulasiki.
Akuti kulemba kalata n'kudzivuta chabe,
wasintha mpope, nkhani yatha, ndani akufunse?
Bambo apukuta sipanala, osamuyang'ana.
"Dzina langa lili m'kaundula wawo.
Silidzifufuta lokha.
Ndikadzagona, wogogoderedwa ndi uyu."
Aloza ine ndi chibwano.

Ndiye tikhala pa thebulo la kukhitchini,
pakati pa makatoni omata ndi tepi.
Iwo akunena, ine ndikutayipa.
Dzina la wopanga. Mtundu wake. Kukula kwa chipolopolo.
Nambala yozokota pa chitsulo,
aitchula pamtima, osaphonya,
iwo amene dzulo anaiwala dzina la mdzukulu.
Mpope unali wotere, tsopano uli wotere.
Kuchokera ku thendere mpaka kukamwa, mwakuti.
Kusinthaku n'kwachikhalire.
Mpope waufupi sindiusunga.
Chonde konzani buku lanu.

"Ndiwonjezere chifukwa?"
"Safunsa chifukwa."
Akhala chete. Firiji ing'ung'udza.
"Ukanalemba kuti phewa lakana.
Kuti malo ndagulitsa kwa anthu a ku Billings
amene sadziwa kumene madzi amadikha.
Koma fomu ilibe mzere wake. Siya."

Asaina. Dzanja linjenjemera pa chilembo choyamba,
kenaka likumbukira njira yake.
Makope awiri: ina ya ku Martinsburg,
tauni yomwe sanaipondepo chibadwire,
kumene munthu wina wosawadziwa
adzatsegula envulopu Lachiwiri lina
nasintha manambala anayi;
ina alowetsa m'thumba la pulasitiki
pamodzi ndi pepala lakale la sitampa,
lopindikapindika, lothimbirira ndi khofi,
ndi satifiketi ya imfa ya amayi.

Mpope waufupi aukulunga mu sokosi yaubweya,
mawa upita kwa wogulitsa mfuti ku Glendive.
Aunyamula kanthawi, ngati akuyeza kulemera kwake.

Ku positi ofesi akana kuti ndiwagwire mkono.
Alipira yosainira polandira,
risiti yobiriwira aibisa m'chipewa.
Pobwerera andiuza ndiime pa geti.
Satsika.
Angotsitsa galasi, mphepo nilowa,
nayang'ana waya, mzati ndi mzati,
milomo ikuwerenga.